Nyenyezi, Tchizi ndi Otsuka Mbale: Mawu a M'malesitilanti a ku Courchevel

Ndege zing'onozing'ono zimene zimafika ku Courchevel, m'mapiri a Alps kum'mawa kwa dziko la France, zimatera zikukwera chitunda. Msewu wotererapo ndegezo ndi wa mamita 537 okha, ndipo ndi wopendekeka moti phirilo ndi limene limathandiza ndege kuima. Otsika m'ndegezo amabwerera ski, masewera otsetsereka pa chipale chofewa munthu atamanga timatabwa titalititali kumapazi. Dera lonselo, lotchedwa Les Trois Vallées, lili ndi njira zotsetserekamo za makilomita pafupifupi 600. Dzuwa likapendeka, makina okweza anthu kuphiri amazimitsidwa ndipo tawuniyo imayamba ntchito yake ina, yodyetsa anthu a ndalama.

Sikuti zinayamba choncho. Akuluakulu a chigawo cha Savoie anakhazikitsa Courchevel mu 1946, nkhondo itangotha, pa msipu umene alimi ankadyetserapo ng'ombe m'miyezi yotentha, ndipo ankafuna kuti anthu wamba nawonso apeze kosewerera. Koma pofika mu 2011, pamene dziko la France linayamba kupereka dzina la palace kwa mahotela oposa ngakhale a nyenyezi zisanu, awiri mwa asanu ndi atatu oyamba anali a ku Courchevel: Les Airelles ndi Cheval Blanc. Mbiri imeneyi imamveka pa menyu mpaka lero. Mawu ena ndi a m'mahotela akuluakulu a ku Paris ndi London, ena ndi a alimi a m'mapiri amene kale ankapulumukira tchizi ndi mbatatesi chisanu chikatseka njira.

Mawu amene amalamulira onse ndi étoile, nyenyezi. Imachokera kwa Michelin, kampani ya matayala ya ku Clermont-Ferrand. Mu 1900 abale awiri, André ndi Édouard Michelin, anasindikiza kabuku kouza oyendetsa galimoto kumene angagule mafuta, kukonzetsa galimoto ndi kugona, podziwa kuti munthu woyendayenda matayala amamuthera msanga. Nyenyezi ya malo odyera inabwera mu 1926, ndipo masitepe atatu anakhazikika mu 1931. Tanthauzo lake likadali la munthu wa paulendo: nyenyezi imodzi ikunena kuti apa n'poyenera kuima, ziwiri zikunena kuti n'poyenera kupatukira ngakhale si njira yako, zitatu zikunena kuti n'poyenera kunyamukira kwanu dala. Oyendera a Michelin sadziulula ndipo amalipira okha bilu. Iwo amati amayang'ana za m'mbale basi: ubwino wa zophikira, luso la kaphikidwe, kugwirizana kwa makomedwe, dzanja la shefu mwiniwake, ndiponso ngati mbale ya lero ikufanana ndi ya mwezi wamawa. Makatani ndi masupuni asiliva sizilowa m'chiwerengero cha nyenyezi, ngakhale kuti pa bilu zimalowa ndithu.

Ku Courchevel malo a nyenyezi zitatu ndi Le 1947, m'hotela ya Cheval Blanc, kumene shefu Yannick Alléno analandira yachitatu mu 2017. Dzinalo ndi chaka cha vinyo wotchuka wa munda wa Château Cheval Blanc ku Bordeaux. Matebulo ake ndi owerengeka ndipo amatsegula m'nyengo ya chisanu yokha. Ku Megève, tawuni ina ya ski, Flocons de Sel ya Emmanuel Renaut inapeza nyenyezi yachitatu mu 2012.

Nyenyezi imapita monga imabwerera, ndipo ikapita anthu amadwala nayo. Marc Veyrat, shefu wodziwika ndi chipewa chake chachikulu chakuda, analandira zitatu mu 2018 pa La Maison des Bois ku Manigod, chaka chotsatira n'kulandidwa imodzi. Iye ananena poyera kuti oyendera anaganiza kuti mu soufflé yake, chakudya chofufuma cha mazira ndi tchizi, anaikamo cheddar cha ku England, pamene iye anagwiritsa ntchito tchizi cha kwawo ndipo mtundu wachikasu wa soufflé yo unali wa safironi. Michelin inakana nkhaniyo. Veyrat anapita kukhoti kukafuna kuona zolemba za oyenderawo, koma khoti la ku Nanterre linamukanira kumapeto kwa 2019. Wakunja angadabwe kuti munthu wamkulu angakwiye chotero chifukwa cha dzina la tchizi. Kwa mwana wa ku Savoie, kumunena kuti waphikira tchizi chachilendo kuli ngati kumunena kuti wakana kwawo.

Apa ndi pamene pali terroir, mawu amene amamveka pa tebulo lililonse kumeneko. Amanena za dothi, nyengo, udzu, mtundu wa ziweto ndi kachitidwe ka anthu a malo amodzi, zonse pamodzi, monga zimamvekera pa lilime. Amene anadyapo mpunga wa Kilombero wa ku Karonga n'kuusiyanitsa ndi wina ndi fungo lokha akudziwa kale chinthucho. Kusiyana kwake n'kwakuti ku France anachiika m'lamulo. Zilembo za AOC, zimene pa mlingo wa Ulaya yense ndi AOP, zimatanthauza kuti dzina la chakudya ndi lotetezedwa: sungalitchule pokhapokha chapangidwa m'dera lake komanso m'njira yake.

Beaufort, tchizi chimene chinalandira chitetezo chimenechi mu 1968, ndicho chitsanzo chabwino. Mkaka wake uyenera kuchokera ku ng'ombe za mitundu iwiri yokha, Tarine ndi Abondance, zolimba miyendo pokwera mapiri. Chigulumwa chimodzi chimalemera makilogalamu pafupifupi 40, chimadya malita a mkaka pafupifupi 400, ndipo chimakhala m'chipinda chozizira miyezi yosachepera isanu, anthu akuchitembenuza ndi kuchipaka madzi amchere. M'mbali mwake ndi molowa mkati, ndipo anthu a kumeneko amati kale zinkathandiza kuti chingwe chigwire bwino pochimangirira pa bulu. Woperekera zakudya akafika ndi ngolo ya tchizi n'kunena kuti ichi ndi chalet d'alpage, akunena chinthu chenicheni chimene chingatsimikizidwe: tchizicho chinapangidwa m'miyezi yotentha, m'kanyumba ka kubusa pamwamba pa mamita 1,500, ndi mkaka wa khola limodzi. Pali munthu amene anadzuka usiku kukakama ng'ombe paphiri, mwina pa malo omwewo pamene mlendoyo watsetsereka masana. Ng'ombezo zikamadya udzu umenewo zimathandizanso otsetsereka, poti udzu wautali wogona umachititsa kuti chipale chigumuke mosavuta.

Reblochon, tchizi chofewa cha m'mapiri a Aravis, chili ndi nkhani ya umphawi m'dzina lake. Anthu amasimba kuti kalekale mwini malo ankalipiritsa mlimi molingana ndi mkaka umene wakama. Tsiku loyeza, mlimi sankamaliza kukama. Mwini malo akachoka ankabwerera ku ng'ombe n'kukamanso, ndipo kukama kwachiwiriko m'chinenero chawo ndiko reblocher. Mkaka wotsalirawo unali wochepa koma wamafuta, ndipo ndi umene unkapanga tchizi cha banja. Lero kachizindikiro kobiriwira pa khungu lake kamasonyeza chopangidwa pafamu, kofiira chopangidwa kufakitale ya mkaka. Koma mlendo asamakhulupirire kuti chilichonse chomveka chachikale n'chakaledi. Tartiflette, mbatatesi zophika ndi anyezi, nyama yankhumba ndi reblochon chosungunuka pamwamba, inatchuka m'zaka za m'ma 1980, ndipo malo a ski ndi amene anaifalitsa. Raclette, tchizi chowotcha chimene amachipala n'kugwetsera pa mbatatesi, kwawo kwenikweni ndi ku Valais m'dziko la Switzerland.

Zakudya zoterezi malesitilanti apamwamba sazipereka monga zilili. Amazitenga n'kuzipeputsa. Palibe amene anachita zimenezi mokhulupirika kuposa banja la Meilleur ku Saint-Martin-de-Belleville, m'chigwa china cha Les Trois Vallées. René Meilleur, amene sanapite kusukulu ya zophika, anatsegula La Bouitte mu 1976 pamodzi ndi mkazi wake Marie-Louise, akugulitsa fondue, tchizi chosungunula mumphika, ndi raclette kwa otsetsereka. Dzinalo m'chilankhulo cha kumeneko ndi kanyumba. Mwana wawo Maxime atalowa m'khitchini, nyenyezi zinabwera mu 2003, 2008 ndi 2015. Yachitatuyo inachotsedwa mu 2024, koma ntchito yawo inali itaonetsa kale kuti crozets, timapasita ting'onoting'ono ta makona anayi timene agogo a ku Savoie ankadula ndi mpeni, tingakhale pa tebulo limodzi ndi chilichonse cha ku Paris. Nsomba zake nazo ndi za m'nyanja za m'mapiri: omble chevalier ndi féra.

Mlendo akakhala pansi amasankha pakati pa njira ziwiri. À la carte ndi kudzisankhira mbale imodziimodzi, iliyonse ndi mtengo wake. Menu dégustation ndi kudzipereka m'manja mwa shefu: timbale tambiri motsatizana, nthawi zina kupitirira khumi, kwa maola atatu kapena kuposa, ndipo m'malo a nyenyezi zitatu mtengo wake ndi mayuro mazana angapo munthu mmodzi, vinyo asanawerengedwe. Kusanabwere chilichonse pamafika amuse-bouche, kachakudya ka kamwa imodzi kamene sunaitanitse, moni wa khitchini. Kumapeto, pambuyo pa tchizi ndi zotsekemera, pamabwera mignardises, timaswiti tomwera khofi, ndipo ena amamalizira génépi, kachakumwa kaukali ka zitsamba zomera m'miyala ya pamwamba pa mapiri.

M'chipinda chodyera wamkulu ndi maître d'hôtel, amene amalandira alendo ndi kuona kuti mbale zikutuluka pa nthawi yake. Chef de rang amasamala matebulo angapo. Sommelier ndi wa vinyo, ndipo akapereka accord mets et vins ndiye kuti mbale iliyonse aifunira galasi loyenerana nayo. M'chipinda chake chosungira muli mabotolo a ku Bordeaux ndi Burgundy a mitengo yoopsa, koma sommelier wodziwa ntchito amakondwa mlendo akafunsa za vinyo wa ku Savoie komweko: Mondeuse wofiira, Roussette woyera, kapena Apremont wa mphesa za Jacquère, zimene zimamera pa miyala imene inagumuka pa phiri la Granier mu 1248 n'kukwirira midzi. Akathira kadontho kuti ulawe, sakufunsa ngati wakukomera. Akufunsa ngati botololo silinawonongeke.

Kuseri kwa chitseko kuli brigade, gulu la m'khitchini, ndipo mawuwo ndi a usilikali. Amene anakonza dongosololi ndi Auguste Escoffier, yemwe anaphikirapo asilikali, pamene ankayendetsa khitchini ya hotela ya Savoy ku London kuyambira mu 1890. Pamwamba pali chef de cuisine, wotsatira ndi sous-chef, kenako ma chef de partie, aliyense ndi ngodya yake: saucier wa misuzi, poissonnier wa nsomba, garde-manger wa zozizira, pâtissier wa zotsekemera. Pansi pawo pali ma commis, achinyamata osenda ndi kudula, ndipo pansi penipeni pali plongeur, wotsuka mapoto ndi mbale. Tsiku lawo lalikulu limathera pa mise en place, kukonzeratu chilichonse pa malo ake alendo asanafike, kuti oda ikaitanidwa pasakhale wofunafuna mpeni. Phiri limawonjezera vuto lake. Pamtunda wotere madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94 m'malo mwa 100, mpweya ndi wouma, mtanda umafufuma msanga, choncho wophika wochokera kuchigwa amayenera kuyezanso nthawi zimene ankadziwa pamtima. Nsomba za m'nyanja yamchere ndi masamba ambiri zimakwera ndi malole usiku pa msewu wokhotakhota wochokera ku tawuni ya Moûtiers.

Ambiri mwa anthu amenewa ndi ma saisonnier, antchito a nyengo imodzi. Amafika mu Disembala, amachoka mu Epulo, ndipo ambiri amatsikira kunyanja ya Mediterranean kukagwira m'mahotela a nyengo yotentha. Vuto lawo lalikulu ndi pogona. M'tawuni imene nyumba zake ndi zina mwa zodula kwambiri mu France monse, wotsuka mbale sangalipire chipinda ndi malipiro ake, ndiye ntchito ikalengezedwa, mawu amene amayamba kufunafuna ndi nourri, logé: kudya ndi kugona kwa abwana. Opanda mwayi umenewu amapanikizana m'kachipinda kamodzi, ena amagona m'magalimoto m'nyengo imene madzi amaundana panja. Izi n'zosayenera m'malo amene botolo limodzi la vinyo lingapose malipiro a munthu a mwezi.

Pansi pa bilu pamalembedwa service compris, kutanthauza kuti ndalama ya operekera zakudya ili kale mumtengo, monga malamulo a ku France amafunira. Kangachepe kowonjezera, pourboire, n'kakufuna kwa mlendo. Malesitilanti ena amakagawa kwa a m'chipinda chodyera okha, ena amakafikitsa mpaka kukhitchini, ndipo mlendo wofuna kudziwa ngati plongeur alandirako akhoza kufunsa maître d'hôtel asanaike ndalamayo m'mbale.