Mitengo ya ku Dzalanyama ndi Madzi a Lilongwe

Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1922. Mitengo yake, monga mombo, tsamba ndi mchenga, inazoloŵera nyengo ya kuno, kumene mvula imagwa kuyambira Novembala kufikira Epulo. M'chilimwe imayoyola masamba kuti isataye madzi, ndipo cha mu Sepitembala imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe, pakuti mizu yake imafika pansi pamene pali chinyontho. Popeza imakula pang'onopang'ono, thunthu lake limakhala lolimba ndi lolemera. Izi zikusiyana ndi katope wa m'mbali mwa mitsinje, amene sasoŵa madzi ndipo amabiriŵira chaka chonse.

Lilongwe atakhala likulu la dziko lino mu 1975, anthu anachuluka ku Kawale, Biwi ndi Area 25. Ambiri anabzala malaina, mtengo wochokera ku Asia, umene umakula msanga koma thunthu lake ndi lopepuka. Choncho ophika anakondabe makala a mitengo yachilengedwe, amene amachedwa kunyeka. Kulimba komweko ndiko kunaika mitengoyi pangozi. Mbaula za ku Chinsapo, Mgona ndi Area 23 zinaidya kwambiri nkhalangoyi, kotero kuti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukailondera.

Damu loyamba la Kamuzu, lomangidwa mu 1966, limadalira mtsinje womwewo. Mitengoyo ikatha, dothi lidzakokolokera m'damumo, ndipo mipopi ya mumzinda idzayamba kuuma.