Eni ndi Alendo m'Chigwa cha Mua

Munthu wotsika phiri kuchokera ku Dedza, atakhotakhota ndi msewu wa ku Golomoti kufikira pamene milambe iyamba kuoneka ndipo chisanu cha kumtunda chimutaya, amalowa m'dziko limene, lingakhale lili lopapatiza pakati pa mapiri ndi nyanja, lalandira anthu a mitundu yambiri koposa kukula kwake. Ndipo wofuna kudziwa m'mene anthu osabadwa pamodzi amalumikizanirana kufikira atatchedwa amodzi, asavutike ndi ulendo wautali, pakuti nkhaniyo yachitika kangapo pano, pakati pa Golomoti, Mua ndi Mtakataka.

Makolo amasimba kuti a Banda ndiwo anayamba kukhala m'dziko muno, eni nthaka ndi osunga nsembe za mvula, ndi kuti a Phiri anadza pambuyo pake atanyamula ufumu wa Kalonga, namanga likulu lawo pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, pamene katswiri wa zakale Yusuf Juwayeyi pofukula pansi anapeza mikanda, mkuwa, minyanga ya njovu ndi mapale a mbale zochokera kutsidya kwa nyanja zamchere. Chimene ine chimandigwira mtima pa mbiri imeneyi ndi ukwati umene unaulimbitsa ufumuwo. Kalonga, mwana wa Nyangu wa fuko la Phiri, ankakwatira Mwali wa fuko la Banda, kotero kuti mwini mpando anali mkamwini wa eni nthaka. Ndipo kuchokera m'nyumba imeneyo mafuko awiri anasanduka Amaravi.

Pansi pa mafumu onsewa panali kagulu kakang'ono kamene sikanagwedezeke, ndiko mbumba. Taonani mudzi wa Achewa madzulo: amayi atatu a bere limodzi akusinja pa mitondo yoyandikana, ana awo akudya m'mbale imodzi, ndipo mlongo wawo, amene ali nkhoswe yawo ndi mtsibweni wa anawo, ngakhale anakwatira kutsidya kwa mtsinje, amabwera pakagwa matenda, maliro kapena mlandu. Amuna a amayiwo ndi akamwini, obwera kudzamanga nyumba, kulima munda wa apongozi ndi kubala ana a eni ake. Ndipo kwa eni kulibe mkuwe. Mbumba ikakula, malo olima nachepa, kapena pakabuka kunong'onezana za ufiti, mwamuna mmodzi amatenga alongo ake ndi ana awo nakakhoma zichiri patsogolo, ndipo pakapita zaka mudzi watsopanowo umapempha mzinda kwa mfumu yaikulu kuti ukhale ndi bwalo ndi dambwe lakelake. Midzi yambiri ya m'chigwachi inabadwa motero.

Angoni a kwa Maseko anafika ndi chikhalidwe china, cha zishango ndi nthungo, cha khola la ng'ombe pakati pa mudzi, cha malowolo ndi ana otsata atate awo. Atakhazikika ku Domwe, nyumba yachifumu inang'ambika pakati pa Chikuse ndi Chifisi mwana wa Chidyaonga, ndipo onse awiri atamwalira mu 1891 nkhondo inapitirira pakati pa olowa m'malo awo, Gomani ndi Kachindamoto, kufikira Kachindamoto anatsika phiri ndi anthu ake nakhala ku Mtakataka. Anadza ngati olamula, ndipo ufumu wawo ulipo kufikira lero. Komatu akazi amene anawakwatira ndi akapolo amene anawagwira anali Achewa, ndipo mwana amayamwa chilankhulo pamodzi ndi bere la amake. Posapita mibadwo iwiri zidzukulu za ankhondo aja zinali kulankhula Chichewa, Chingoni chitatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'mayina a mafuko. Ayao nawonso, amene anafika m'mbali mwa nyanja ndi malonda ndi Chisilamu, anakwatira m'midzi yomweyo.

Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka; koma alendo amene anamanga misasa yawo pa Mua, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe, mu 1902 sanakamuke. Anali ansembe a chipani cha White Fathers, chimene chinayesapo kukhala kwa Mponda mu 1889 n'kuchokako mu 1891, ndipo tsopano chinabwerera ndi mtima wokhazikika. Mu 1908 anatsegulanso mishoni ya ku Mtakataka. Iwo anabweretsa gulu la mtundu wosadziwika kale, limene munthu salowamo mwa kubadwa kapena mwa ukwati, koma mwa kuphunzira katekisimu zaka zinayi, kubatizidwa ndi kulandira dzina latsopano. Ndipo pozungulira tchalitchi, sukulu ndi chipatala panamera mudzi wa aphunzitsi, amisiri ndi mabanja awo, amene ankatchana abale ngakhale mmodzi anali Mngoni, wina Mchewa, wina mwana wa kapolo. Mu 1927 ansembewo anatsegula malo osamalira odwala khate, ndipo anthu amene midzi yawo inawapatula anapeza anzawo, nalima minda, nakhala mudzi paokha.

Koma pakati pa ansembe ndi akulu a mzinda panabuka mkangano woopsa, ndipo tisaupeputse, pakuti unagawa mabanja. Ansembe ankati wolowa kudambwe sangalowe m'tchalitchi. Akulu a mzinda ankati mnyamata wosameta sali mwamuna, ndipo maliro osavinidwa sagoneka mzimu. M'zaka za m'ma 1920 ng'oma zikalira usiku, m'mawa mwake mabenchi a sukulu ankapezeka opanda ana. Mtembo umodzi unkalimbiranidwa ndi aphunzitsi ndi eni mbumba, ndipo milandu ina inkafika kuboma. Ine ndiganiza kuti mbali zonse ziwiri zinkaopa chinthu chimodzi, ndicho kulandidwa ana, popeza gulu lopanda ana lafa kale ngakhale akulu ake akali moyo.

Komabe ana omwewo, oleredwa ndi mbumba ndi kuphunzitsidwa ndi mishoni, ndiwo anafewetsa udaniwo. Cornelius Chitsulo, mwana wa dera la Mua, anadzozedwa unsembe mu 1937, woyamba mwa Amalawi mu Mpingo wa Katolika, ndipo pambuyo pake anakhala episkopi wa Dedza. Patrick Kalilombe, wobadwira ku Mua mu 1933, atakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972 analimbikitsa miphakati, timagulu ta akhristu oyandikana nyumba, topempherera pamodzi pansi pa mtengo, kuzonda odwala ndi kusonkha ufa ndi nkhuni pamaliro. Ndipo amene anakulira m'mudzi akaona mphakati uli pa ntchito, sachedwa kuzindikira kuti zimenezi ndi zomwe mbumba inkachita chikhalire.

Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsa malo a Kungoni pa Mua, nasonkhanitsa osemasema, nakhala zaka zambiri pamapazi a akulu a midzi kufunsa za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, yotchedwa dzina la Bambo Champmartin, wansembe wakale wa mishoniyo, monga momwe anthu ankalitchulira, muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, pa bwalo lomwelo pamene kale mnyamata wovina ankaletsedwa kupondapo. Ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza gule ameneyu pamaso pa dziko lonse. Bambo Boucher eni dziko anawapatsa mfunda wawo, ndipo amayi a ku Mua powalonjera ankati a Chisale.