Sandow ndi Mpikisano Umene Palibe Ananyamula Kanthu

Anzanga, ambiri a inu munaonapo anyamata m'makomboni akunyamula zitini ziwiri zodzaza simenti zolumikizidwa ndi mpaipi, kenaka n'kuthamangira pagalasi kukaona ngati cifuwa cakula. Galasi limenelo lili ndi mbiri yake, ndipo ndiyo ndifuna tikambirane mwezi uno.

Kale amuna amphamvu anali kuonetsa mphamvu basi. Anali kunyamula migolo ndi kudula maunyolo pamaso pa anthu, ndipo ambiri anali ndi mimba zazikulu. Palibe anali kusamala za maonekedwe ao. Amene anasintha zimenezi ndi Eugen Sandow, wobadwira ku Königsberg m'dziko la Prussia mu 1867. Iye anachuka mu 1889 pamene anagonjetsa wamphamvu wina, Charles Sampson, ku London. Koma nkhani yeniyeni inayamba mu 1893 ku Chicago. Womulemba nchito, Florenz Ziegfeld, anazindikira kuti khamu silinali kucita cidwi kwenikweni ndi kulemera kwa zitsulo. Anthu anali kudzaona thupi la munthuyo. Motero Sandow anayamba kuima pansanja atavula malaya, akulimbitsa minofu mbali ndi mbali. Akuti anali kupima zosema zakale za Agiriki ndi kuyesetsa kuti thupi lake lifanane nazo.

Pa 14 September 1901 anakonza mpikisano waukulu mu Royal Albert Hall ku London. Mmodzi wa oweruza anali Arthur Conan Doyle, wolemba nkhani za Sherlock Holmes. Wopambana, William Murray, analandira kacifanizo ka Sandow. Taonani apa: sanapambane cifukwa conyamula zolemera kuposa anzake. Anapambana cifukwa oweruza anakonda mmene anali kuonekera. Kufikira lero ndi mmene masewerawa alili. Zitsulo zimatsala ku jimu, pansanja pamakwera thupi lokha.

Sandow anamwalira mu 1925, koma nchito yake inapitirira. Joe Weider anayambitsa Mr. Olympia mu 1965, ndipo kuyambira 1977 wopambana amapatsidwa cifanizo cochedwa Sandow. Arnold Schwarzenegger, amene mumamudziwa m'mafilimu, anapambana kasanu ndi kawiri. Mpikisano wa 1975, umene unajambulidwa m'filimu ya Pumping Iron, unacitikira kuno kwathu ku Africa, ku Pretoria, m'nthawi ya tsankho.

Tsono ngati mphotho ili pa maonekedwe, munthu amafuna njira yacidule yokulitsira thupi. Mu 1958 ku America kunatuluka mapilisi a Dianabol, mtundu wa ma steroid, mankhwala otengera mphamvu yacimuna ya testosterone. Anafalikira msanga m'majimu. Schwarzenegger mwiniwake anavomera kuti anawagwiritsa nchito pamene lamulo linali lisanaletse. Matupi anakula modabwitsa: Frank Zane anapambana Mr. Olympia kuyambira 1977 mpaka 1979 asanafike makilogramu 90, koma Ronnie Coleman mu 2003 anakwera pansanja ali pafupifupi 130.

Ine cimene cimandiwawa kwambiri ndi ici. Oweruza amafuna khungu lopyapyala kuti mtsempha uliwonse uoneke, motero opikisana ena amamwa mankhwala ocotsa madzi m'thupi masiku otsiriza. Pa tsiku limene munthu akuoneka wamadzitho kuposa onse, ndiye tsiku limene ali wofooka, waludzu, miyendo ikukokana. Mohammed Benaziza anapambana mpikisano ku Netherlands mu October 1992, ndipo patangopita maola ocepa anamwalira ali ndi zaka 33. Andreas Münzer wa ku Austria, amene anali kutamandidwa kuti alibe mafuta m'thupi, anamwalira mu March 1996 ali ndi zaka 31, masiku ocepa atacoka pansanja. Madokotala atamung'amba anapeza ciwindi cake cili ndi zotupa.