Foni ya m'manja pa kupewa matenda a shuga kwa achinyamata ku Balaka ndi Machinga

Matenda a shuga a mtundu wachiwiri amayamba thupi likasiya kumvera insulini, madzi opangidwa ndi kapamba amene amatsegulira shuga njira yochoka m'magazi kulowa m'minofu. Kale ankatengedwa ngati matenda a akuluakulu, makamaka mabwana a m'tauni. Lero madokotala m'maiko ambiri akuwapeza mwa ana a zaka 13 mpaka 19, ndipo akayamba pa msinkhu umenewu safuna nthawi yaitali kuti awononge impso ndi maso. Ndi osiyana ndi a mtundu woyamba, amene amagwira ana kawirikawiri, sapeweka, ndipo amafuna jakisoni wa insulini moyo wonse. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti Amalawi 5.6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga. Zizolowezi zimene zimafikitsa munthu pamenepo zimayamba akadali pasukulu.

Chipatala Cha Pa Foni

Balaka ndi kumene kudabadwira ntchito yodziwika kwambiri ya zaumoyo pa foni m'Malawi. Chipatala Cha Pa Foni chidayamba m'bomali mu 2011, pansi pa bungwe la VillageReach mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo ndi Concern Worldwide. Maganizo ake adachokera kwa Soyapi Mumba ndi Clement Mwazambumba, amene adapambana mpikisano wofuna nzeru zopulumutsira amayi ndi ana. Poyamba chinali cha amayi oyembekezera ndi olera ana aang'ono. Kenaka chidakula n'kumayankha mafunso a zaumoyo a mtundu uliwonse, za kadyedwe zomwe, chidafalikira m'dziko lonse, ndipo boma lidachitenga kuti lizichiyendetsa. Woimba pa Airtel salipira. Ku Machinga ndi Zomba, pa ntchito ya DREAMS yoteteza atsikana ku HIV, chipatalachi chidakonza gawo lolankhula ndi achinyamata.

Sichidapangidwire matenda a shuga, koma chidaonetsa chinthu chofunika: mnyamata kapena mtsikana amene angachite manyazi kufunsa pamzere wa pachipatala cha Machinga ku Liwonde amamasuka akamalankhula ndi munthu amene sakumuona nkhope.

Zimene zidayesedwa kwina

Ku India, kafukufuku wotsogozedwa ndi Ambady Ramachandran, wofalitsidwa mu 2013, adatsata amuna 537 amene shuga wawo adali atayamba kukwera. Mwa amene ankalandira mauthenga a pafoni okumbutsa za kadyedwe ndi kulimbitsa thupi, 18 pa 100 adadwala shuga. Mwa osalandira, adadwala 27 pa 100. Awa anali akuluakulu apantchito, choncho zotsatira zake sizingangosamutsidwira kwa mwana wa Fomu 2 ku Ntaja. Ku Senegal, mu 2014, boma pamodzi ndi mabungwe a padziko lonse a zaumoyo (WHO) ndi a zamauthenga (ITU) adayambitsa ntchito ya mDiabetes, yotumiza mauthenga m'mwezi wa Ramadani. Chitsanzo ichi chikukhudza kwambiri Machinga, kumene kuli Asilamu ochuluka ndipo pomasula kusala tiyi wotsekemera ndi zokazinga sizisowa.

Uthenga woyenera derali

Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Mapulogalamu ambiri a pafoni opangidwa ku Ulaya ndi America amawerenga masitepe amene munthu wayenda ndi kumuuza kuti achepetse kudya. Mwana wa ku Phalula kapena Nsanama amene amapalasa njinga kupita kusukulu, kutunga madzi ndi kulima, sasowa masewero olimbitsa thupi. Mphindi 60 patsiku zimene WHO imalimbikitsa kwa a zaka 5 mpaka 17 amazikwanitsa dzuwa lisanafike pamutu. Ndipo kuuza banja la ku Balaka, boma lodziwika ndi ng'amba, kuti lichepetse nsima m'mwezi wa Febuluwale n'chipongwe. Komanso ku Africa shuga amagwira ngakhale anthu owonda, ndipo kunyentchera paubwana kumawonjezera chiopsezo munthu akadzayamba kudya zonona atakula.

Uthenga wothandiza ndi wotchula zinthu ndi maina ake: masupuni a shuga m'tiyi ndi m'thobwa, Sobo ndi Fanta, mandasi ndi tchipisi za pachiwaya pa Ulongwe kapena pa depoti ya Liwonde. WHO imati shuga wothira asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zochokera m'zakudya za tsiku. Zolowa m'malo zilipo kale: mgaiwa, nandolo, chisoso, bonongwe, matemba a ku nyanja ya Chilwa.

Njira yake nayo njofunika. Achinyamata ambiri a kumudzi alibe foni yawoyawo. Amabwereka ya makolo, yamabatani, ndipo kutchaja n'kolipira. Mawu ojambulidwa m'Chichewa ndi m'Chiyao amafika kutali kuposa pulogalamu yofuna bandulo ya intaneti. Popeza wophika ndi wogula shuga pakhomo nthawi zambiri ndi mayi, uthenga wofikira pa foni ya makolo sunasochere.

Foni siyeza magazi. Ntchito yake ndi kuuza wachinyamata wa ludzu losatha, wokodza pafupipafupi usiku, wowonda popanda chifukwa, kapena wokhala ndi khungu lakuda lokhuthala kumbuyo kwa khosi, kuti apite kuchipatala akabayidwe chala. Kwa mwana amene akuwonda msanga ndi kusanza, ulendowo ndi wa tsiku lomwelo, chifukwa akhoza kukhala shuga wa mtundu woyamba.