Alimi Ovala Zikopa za Nkhosa

Amuna awiri a ku Nebyliv

Mu Seputembala 1891, sitima ya pamadzi inakocheza ku Quebec, m'dziko la Canada. Mwa anthu amene anatsika munali alimi awiri, Ivan Pylypiw ndi Wasyl Eleniak, a m'mudzi wa Nebyliv m'chigawo cha Galicia. Mtundu wawo unali wa ku Ukraine, koma masiku amenewo dera lawo linkalamulidwa ndi mfumu ya ku Austria.

Chinawachotsa kwawo ndi kuchepa kwa malo. Ntchito yokakamiza, yonga thangata, inatha mu 1848, koma minda ikuluikulu ndi nkhalango zinatsala m'manja mwa mabwana. Bambo akamwalira, ana ankagawana kamunda kake, kamundako n'kumacheperachepera. Ngakhale nkhuni zinali zogula.

Ku Canada, boma linkapereka maekala 160 kwa mlimi wolipira madola 10, bola amangepo nyumba ndi kulimapo zaka zitatu. Pylypiw atabwerera kukatenga banja lake, anthu anamuunjirira kuti amve zambiri. Akuluakulu a boma sanakondwe nazo, ndipo anamutsekera m'ndende pomunena kuti akukopa anthu. Anachedwa nazo, mbiri inali itawanda kale. Pofika 1914, anthu pafupifupi 170,000 anali atawolokera ku Canada. Ena analowera ku Brazil, m'chigawo cha Paraná, ena kumigodi ya malasha ku Pennsylvania.

Anasankha tchire

Nduna ya boma, Clifford Sifton, inkafuna alimi opirira ngati amenewa. Anthu ankawatchula kuti ovala zikopa za nkhosa, chifukwa cha majasi awo a m'nyengo yozizira. Ena ankanena dzinali monyoza.

Alendowa anadabwitsa ogawa malo. Ambiri anakana chigwa choyera chosavuta kulima, n'kusankha malo a mitengo ku Manitoba, Saskatchewan ndi Alberta. Munthu amene wakula akugula nkhuni sangaone mitengo yaulere n'kuipitirira. Koma kusankhako kunawalemetsa: zitsa ankazula ndi manja, ndipo kwina nthaka inali ya miyala.

Nyumba yoyamba inali dzenje lofolera ndi mitengo ndi dothi, lotchedwa burdei. Mu burdei, ndiye kuti m'dzenjemo, banja lonse linkapirira chisanu choumitsa madzi kwa miyezi ingapo. Kenako ankamanga ya mitengo, kuimata ndi dothi losakaniza ndi udzu, kuipaka laimu, n'kuifolera ndi udzu. Amuna ankapita kukayala njanji kuti apeze ndalama za ng'ombe ndi pulawo. Kumata, kulima ndi kulera ana zinkatsalira amayi.

Mmodzi awerenge, onse amve

Ambiri mwa alimiwa sankadziwa kulemba ngakhale dzina lawo. Kwawo anali atasiya mwambo wa nyumba yowerengera, yotchedwa chytalnia, ndipo anauyambitsanso ku Canada. Madzulo kapena Lamulungu anthu ankasonkhana, mmodzi wodziwa zilembo n'kumawerenga mokweza, ena onse ali tcheru. Nkhani ikatha, ankakambirana mtengo wa tirigu, malamulo a malo ndi za masankho.

Mu 1903 nyuzipepala yawo yoyamba ku Canada, Kanadiiskyi Farmer, inatuluka ku Winnipeg. M'nyumba zowerengera zija ankaphunziranso kuwerenga, kuchita zisudzo, kuimba kwaya ndi kuvina. Boma la Manitoba litaletsa mu 1916 kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri m'sukulu zake, makolo anatsegula makalasi awoawo a madzulo ndi a Loweruka.

Mkati mwa waya waminga

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, Canada inali mbali ya Britain, yomenyana ndi Austria. Alimi aja anali atathawa umphawi wa ku Austria, koma zikalata za ena mwa iwo zinkanenabe kuti ndi anthu a mfumu ya kumeneko. Boma linawatcha alendo a dziko la adani.

Kuyambira 1914 mpaka 1920, anthu 8,579 anatsekeredwa m'misasa 24, ndipo pafupifupi 5,000 mwa iwo anali a mtundu wa ku Ukraine. Ku Castle Mountain ankalambula misewu ya m'nkhalango ya Banff, imene lero amadutsamo alendo okaona malo. Ku Spirit Lake kunali amayi ndi ana omwe. Mu 1917 ambiri analandidwanso ufulu wovota. Opulumuka ambiri anakhala chete, ndipo nkhaniyi inavumbuka patapita zaka zambiri. Nyumba ya malamulo inaivomereza mu 2005.

Dzira lalikulu

Miyambo ya kwawo sinafe: pa Pasaka, mabanja a mtunduwu amakongoletsabe mazira otchedwa pysanka. Amajambula pa dzira ndi phula la njuchi losungunula, n'kuliviika mu utoto wowala. Pamene pali phula utoto sugwira. Amajambulanso, n'kuliviika mu utoto wakuderako, mpaka wakuda. Pomaliza amaliyandikiza ku kandulo, phula lija n'kusungunuka, maluwa onse n'kuonekera. M'tauni ya Vegreville ku Alberta anaimika pysanka wachitsulo mu 1975, wotalika pafupifupi mamita 9.

Lero anthu oposa miliyoni imodzi ku Canada amati makolo awo anachokera ku Ukraine. Mmodzi wa iwo, Ray Hnatyshyn, anakhala bwanamkubwa woimira Mfumukazi ya ku Britain kuyambira 1990 mpaka 1995.

Nanga amuna awiri aja? Nyumba ya Pylypiw inasamutsidwira kumudzi wosungirako mbiri, kum'mawa kwa Edmonton. Eleniak anakalambira pa munda wake ku Chipman. Mu Januwale 1947, Canada itakhazikitsa unzika wakewake, anamuitanira ku Ottawa kuti akhale mmodzi wa anthu oyamba kulandira chikalata. Anali ndi zaka 87.