Kiyi wachiwiri wa ku Kayelekera ali ndi ndani?

Azakhali anga amene anakwatiwa ku Karonga amayenda ndi kiyi womangirira pansonga ya chitenje. Si wa nyumba yawo ayi, ndi wa bokosi la banki m'khonde. Bokosilo ndi lachitsulo, lili ndi maloko atatu, ndipo makiyi ake ali ndi amayi atatu a mabanja osiyana. Mayi wachinayi, amene amagona nalo bokosilo kunsi kwa bedi, alibe kiyi ngakhale mmodzi. Nditawachezera pa tchuthi chapitachi ndinaseka, ndikuti zonsezi n'zochulutsa gaga m'diwa chifukwa ndalama zake n'zochepa. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe mwana wa achimwene, loko uja sitinaikire wakuba wakunja. Tinaikira ife tomwe."

Mawu amenewa anandibwerera m'mutu tsiku limene ndinakwera galimoto pamsewu wa ku Chitipa kupita ku Kayelekera, mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 50 kuchokera pa boma la Karonga. Kumeneko ndi kumene kuli mgodi wa yureniyamu. Mlendo ngati ine amathera panja pa mpanda, ndipo sindikudandaula, malo otero amayenera kutetezedwa. Koma ndili chiimire pamenepo ndinayamba kuwerenga maloko amene dziko lino linaika pa chuma chimenechi, komanso manja amene anagwira makiyi ake.

Luso lopanga loko wa makiyi awiri ndi lakale, ndipo m'mabanki muli timabokosi tosungiramo zamtengo wapatali timene sititseguka popanda kiyi wa banki ndi kiyi wa mwini katundu. Koma kumene anthu analiganizira mozama luso limeneli ndi ku zida za nyukiliya, zimene zinayambira pa mwala womwewu wa yureniyamu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 dziko la America linaika mizinga 60 yotchedwa Thor m'dziko la Britain, ndipo inakhalako mpaka 1963. Mizingayo inali m'manja mwa asilikali a Britain, mabomba ake anali a America. Kuti mzinga uuluke ndi bomba lamoyo pankafunika kiyi wa msilikali wa Britain ndi kiyi wa msilikali wa America. Mayiko awiriwa anali pa ubale wa ponda apa nane ndipondepo, komabe palibe amene analola mnzake kusunga makiyi onse. Pa mizinga ya Minuteman, imene America ili nayo mpaka lero, akatswiri anawonjezera kanthu kena kamene kamandisangalatsa kwambiri. Mabowo a makiyi anawaika motalikirana moti munthu mmodzi, atambasule manja chotani, sangafikire onse awiri, ndipo makiyiwo ayenera kupotokoledwa nthawi imodzi. Nzeru yonse ya loko ameneyu ili pa mpata umene uli pakati pa anthu awiriwo.

Yureniyamu wa ku Kayelekera sanapite ku mabomba, anagulitsidwa kwa makampani opanga magetsi. Ndatchula mizingayi chifukwa cha mpata uja basi. Tiyeni tiufunefune m'mbiri ya mgodi wathu.

Mwalawu anaupeza m'zaka za m'ma 1980 ndi a Central Electricity Generating Board a ku Britain, koma anausiya chifukwa mitengo inali yotsika. Nthawi imeneyo lamulo la migodi linali la 1981, la m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo linkanena kuti miyala yonse ya pansi pa nthaka ya Malawi ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu. Linkapatsanso nduna mphamvu yopanga mapangano ndi makampani popanda kufuna chivomerezo cha aphungu. Loko wa kiyi mmodzi ameneyo. Chodabwitsa n'chakuti tinasintha ndale mu 1994, tinalemba malamulo atsopano oyendetsera dziko, koma loko wa Kamuzu tinamusiya pachitseko. Ndi lamulo lomwelo limene linagwira ntchito mu February 2007 pamene boma linasainirana pangano ndi kampani ya ku Australia ya Paladin.

Panganolo linapatsa boma magawo 15 pa 100 aliwonse a mgodi. Posinthana ndi magawowo, msonkho wa pa miyala yogulitsidwa unatsitsidwa kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 m'zaka zitatu zoyamba, kenako 3, ndipo msonkho wa pa phindu unatsika kuchoka pa 30 kufika pa 27.5 peresenti. Anzanga ena m'kalasi amati magawo 15 aja ndiye kiyi wachiwiri. Ine ndimakana. Kiyi weniweni ndi amene ukamukaniza chitseko sichitseguka. Mwini magawo 15 amakhala nawo pa msonkhano, amamwa nawo tiyi, koma mwini magawo 85 akafuna kutsegula amatsegula. Ndipo magawo amabala ndalama pokhapokha kampani ikapeza phindu, pamene msonkho wa pa miyala umalowa ngakhale chaka chitavuta. Zonsezi zikanakambidwa poyera mwina wina akanafunsa, koma kwa zaka zambiri panganolo linali lachinsinsi.

Amene anayesa kudzisulira okha kiyi ndi mabungwe omwe si aboma. Mu 2007 momwemo a Centre for Human Rights and Rehabilitation, a Citizens for Justice, a Chilungamo ndi Mtendere a mpingo wa Katolika ndi ena anakamang'ala ku khoti kuti ntchito iyambe yaima. Nkhaniyo inathera kunja kwa khoti chakumapeto kwa chakacho. Sikuti anatuluka chimanjamanja, poti kampaniyo inadzamanga malo oyeretsera madzi a pa boma la Karonga. Koma mgodi unapitirira, ndipo Bingu wa Mutharika anautsegulira mu April 2009. Lamulo loyang'anira zinthu za nyukiliya linabwera mu 2011, migolo ya yureniyamu itayamba kale kudutsa ku Zambia kupita ku doko la Walvis Bay ku Namibia. Bungwe loona za lamulolo linadzayamba ntchito patapitanso zaka zingapo. Tinagula loko katundu atatuluka kale m'nyumba.

Kenako kunachitika ngozi ya ku Fukushima mu March 2011, mtengo wa yureniyamu unagwa, ndipo mu 2014 Paladin inaimitsa ntchito itakumba mapaundi pafupifupi 11 miliyoni. Anthu mazanamazana anachotsedwa ntchito. Taonani, chitseko chotseka mgodi nachonso chinali cha kiyi mmodzi, ndipo kiyiyo anali ku Perth. Mu 2015 bungwe la ActionAid linatulutsa lipoti lonena kuti Malawi anataya madola 43 miliyoni m'zaka 6 kudzera m'misonkho yochotseredwa ndi ndalama zotumizidwa ku nthambi ya kampaniyo ku Netherlands. Paladin inatsutsa lipotilo, n'kunena kuti iyo inaluza ndalama zambiri pa mgodiwo. Ine sindine woweruza. Chimene ndikuona n'chakuti mbali ziwirizi zinkakangana za m'kati mwa bokosi limene eni ake, Amalawi, sanalionepo likutsegulidwa.

Sindikunena kuti makiyi awiri ndi mankhwala a chilichonse. Pa Cashgate mu 2013 macheke a boma ankasainidwa ndi anthu oposa mmodzi, koma mabiliyoni anatuluka chifukwa osainawo ankadyera mbale imodzi. Amayi a banki m'khonde anazindikira zimenezi kalekale, n'chifukwa chake salola kuti makiyi awiri agone pansi pa denga limodzi.

Zina zasinthako ndithu. Lamulo la 1981 linachotsedwa mu 2019, ndipo lina linabweranso mu 2023. Tsopano miyala ndi ya dziko, osati ya Pulezidenti, ndipo mgodi waukulu uyenera kupangana ndi anthu oyandikana nawo n'kumapereka 0.45 peresenti ya zogulitsa zake ku chitukuko cha deralo. Kampani ya Lotus Resources, ya ku Australia komweko, inagula mgodiwu mu 2020, inasainirana pangano latsopano ndi boma mu July 2024 pa msonkho wa 5 peresenti, ndipo ntchito inayambiranso mu 2025. Magawo a boma akadali 15.

Koma pali bokosi lina limene limandidetsa nkhawa kuposa la misonkho. Zinyalala za yureniyamu zimatsala pamalopo, kumtunda kwa mtsinje wa Sere, umene umathira mu North Rukuru, nayenso n'kukathira m'nyanja pafupi ndi pamene azakhali amatunga madzi. Pali chikole cha madola 10 miliyoni chimene chinaikidwa kuti chidzathandize kukonza malowo mgodi ukadzatha. Tsiku lotsegula chikolecho, kapena lolengeza kuti malo akonzedwa mokwanira, ndikufuna kuti pa anthu opotokola makiyi padzakhale wina amene amamwa madzi a mu Sere, wokhala ndi mphamvu yokana.

Nditabwerera kunyumba madzulo ndinawafotokozera azakhali zonsezi, za mizinga ya Thor ndi za maperesenti zomwe. Ankasenda chinangwa, osandiyang'ana n'komwe. Nditamaliza anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga bokosi lawolo amatsegulira pamaso pa ndani?" Lawo amatsegula Lachinayi masana pansi pa mtengo wa mango, gulu lonse litakhala pamkeka, ndipo ndalama amawerenga mokweza anthu awiri.