Masewera ophunzitsira a pa tabuleti: momwe ana angaphunzirire limodzi osagawanika

Masewera ophunzitsira ndi mapulogalamu a pa foni, pa tabuleti kapena pa kompyuta amene amaphunzitsa mwana kuwerenga, kulemba ndi masamu kudzera m'kusewera. Mwana amamva liwu n'kukhudza chilembo chake pa galasi la tabuleti, kapena amakoka mango asanu ndi chala n'kuwaika m'dengu. Akakhoza, masewerawo amamuyamikira ndi kumupatsa ntchito yokulirapo. Akalakwa, amamubweza kuti ayesenso. Ambiri mwa masewerawa safuna intaneti: tabuleti ikangotchajidwa pa sola, phunziro limayamba.

Ku Malawi, kutsidya kwa malire a maboma a Tsangano ndi Macanga, masewerawa alowa kale m'sukulu za boma. Popeza mabanja a mbali ziwirizi amakumana m'misika ngati wa Lizulu, pamaliro ndi pamaukwati, nkhani ya matabuleti idzafikabe kwa makolo ndi aphunzitsi a kuno. Chofunika kuchidziwa msanga ndi ichi: masewerawa anapangidwa kuti azilankhula ndi mwana mmodzi payekha, pamene kalasi ndi gulu la ana ambiri okhala pansi pa denga limodzi. Tabuleti ikhoza kuphunzitsa mwana zilembo, koma kugwirizana kwa kalasi kumamangidwa ndi mphunzitsi, ana eniake ndi makolo awo.

Kumene masewerawa ayesedwa

M'chaka cha 2013, Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham ku England anachita kafukufuku pa sukulu ya pulayimale ya Biwi mumzinda wa Lilongwe. Ana oposa 300 a Sitandade 1 mpaka 3 anagawidwa m'magulu, ndipo gulu lina linkasewera masewera a masamu a m'Chichewa kwa theka la ola tsiku lililonse kwa masabata asanu ndi atatu. Pamapeto pake ana a gulu limeneli anapita patsogolo m'masamu kuposa anzawo amene ankangophunzira monga mwa masiku onse.

Masewerawo anakulitsidwa ndi bungwe la onebillion la ku London, ndipo bungwe la VSO linawafalitsa m'sukulu zambiri kudzera mu pulojekiti ya Unlocking Talent, imene inkamanga zipinda zapadera zokhala ndi sola. M'chaka cha 2019 onebillion inagawana mphoto ya Global Learning XPRIZE ndi Kitkit School, masewera a mabungwe awiriwa atayesedwa kwa miyezi 15 m'midzi ya chigawo cha Tanga ku Tanzania. Kumeneko matabuleti ankapatsidwa kwa ana m'midzi momwemo, ndipo malo otchajira ankayang'aniridwa ndi amayi osankhidwa m'mudzimo.

Kuyambira 2023 boma la Malawi, mothandizana ndi Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, likuyendetsa pulogalamu ya BEFIT. Inayamba ndi sukulu 500, ndipo cholinga chake ndi kufika m'sukulu zonse za pulayimale za boma, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 oposa 3 miliyoni. Izi zikutanthauza kuti sukulu za m'maboma a Ntcheu, Dedza ndi Lilongwe, oyandikana ndi chigawo cha Tete, zili m'ndondomekoyi.

Chipangizo pachokha sichikwanira

Maiko ena awiri ali ndi phunziro loti alimvetsere amene akuganiza zogula matabuleti. Ku Peru, boma linagawira ana a kumidzi makompyuta ang'onoang'ono mazana a zikwi kudzera mu pulogalamu ya One Laptop per Child. Kafukufuku wa banki ya Inter-American Development Bank, amene anatuluka m'chaka cha 2012 atayang'ana sukulu 319, anapeza kuti ana anadziwadi kugwiritsa ntchito makompyutawo, koma m'masamu ndi m'chilankhulo sanapose anzawo amene sanalandire. Zipangizo zinafika, koma kaphunzitsidwe ka m'kalasi kanakhala komweko.

Ku Zambia, akatswiri a yunivesite ya Zambia ndi ya Jyväskylä ku Finland anayesa masewera a GraphoGame a m'Chinyanja pa mafoni, pakati pa ana a kalasi yoyamba m'sukulu 42 za ku Lusaka. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2014, zinaonetsa kuti ana anapindula kwambiri pamene iwo ndi mphunzitsi wawo, onse, anasewerako. Mphunzitsi amene wasewera yekha amadziwa mmene masewerawo amatchulira liwu la chilembo, amadziwa pamene mwana amakakamira, ndipo amatha kulumikiza za pa foni ndi za pa bolodi.

Momwe masewera angagawanitsire kalasi

Njira yoyamba ndi kuchepa kwa zipangizo. Pamene matabuleti ali khumi ndipo ana ali makumi asanu ndi limodzi kapena kuposa, amphamvu ndi aakulu misinkhu ndiwo amayamba kufika. Aang'ono, amanyazi ndi atsikana amatsala m'mbuyo kuonerera, ndipo akaonerera masabata angapo amayamba kuganiza kuti zinthuzi si zawo.

Yachiwiri ndi mahedifoni. Amathandiza kuti mwana amve bwino, koma amatsekanso makutu ake kwa mnzake. Ana makumi atatu akhoza kukhala pamphasa imodzi kwa theka la ola popanda aliyense kulankhula ndi mnzake.

Yachitatu ndi liwiro. Popeza aliyense amayenda pa mlingo wake, wina amafika pa kuchulukitsa pamene mnzake akadali pa kuwerenga mpaka khumi. Mwana wa pakhomo pamene pali foni yaikulu amazolowera msanga, pamene wina akuyamba kumene kuigwira. Ana akayamba kufunsana kuti wafika pati, kusekana kumayambika, ndipo wotsalira amayamba kujomba.

Njira zomangira umodzi

Mndandanda wa maulendo. Mphunzitsi agawe kalasi m'magulu okhazikika, alembe mayina ake pa pepala ndi kulikhoma pakhoma pamene aliyense aona. Gulu lililonse lidziwe tsiku ndi nthawi yake. M'gulu lililonse mukhale anyamata ndi atsikana, ochenjera ndi otsalira, a m'midzi yosiyana. Ana amadziwa kale kudikirana: pa phada, pa fulaye ndi pa bawo aliyense amadikira ulendo wake, ndipo wobera mzere amadzudzulidwa ndi anzake. Lamulo lomwelo lilowe m'kalasi. Tabuleti isakhale mphoto ya okhoza bwino, ndipo kumana mwana ulendo wake kusakhale chilango.

Malamulo opangira limodzi. Tsiku loyamba, ana asanakhudze chilichonse, kalasi ikambirane malamulo ochepa: kusamba m'manja, kugwira ndi manja awiri, kusalanda, kusaseka wolakwa. Malamulo amene ana atchula okha amawasunga bwino kuposa olembedwa ndi wamkulu, chifukwa amakumbutsana okha.

Kusewera awiriawiri. Masewera ena amayeza mwana n'kumusankhira ntchito ya pa mlingo wake. Otere ndi bwino mwana asewere yekha, chifukwa mnzake akamamuyankhira, masewerawo amaganiza kuti wadziwa n'kumupititsa patsogolo asanamvetse. Koma mbali zina, monga nthano zowerenga ndi timasewera tobwereza, zimalola ana awiri pa tabuleti imodzi. Pamenepo lamulo likhale loti amene sanagwire tabuleti afotokoze ndi pakamwa, asakhudze galasi, ndipo asinthane pakapita mafunso angapo. Wofotokozayo amapindulanso, pakuti chimene munthu wauza mnzake sachiiwala msanga.

Mphindi zokambirana. Matabuleti akabwezedwa, mphunzitsi asunge mphindi zisanu kapena khumi zoti ana akhale mozungulira ndi kunena zomwe akumana nazo. Ndani wapeza chilembo chatsopano? Ndi pati pamene panavuta? Ndani angaonetse pa bolodi mmene anadutsira? Apa ndi pamene zimene aliyense waphunzira payekha zimasanduka za kalasi yonse. Zomwe zinali pa galasi zibwerezedwe ndi zinthu zogwirika: njere za chimanga, nyemba, zitsekerero za mabotolo, kapena mbatatesi zoikidwa m'milu ya zisanuzisanu monga pamsika.

Ntchito ya odikira. Amene si ulendo wawo asakhale manja lende. Akhoza kulemba zilembo zomwezo m'makope kapena pamchenga, kuwerengerana nthano, kapena kusewera masewera a manambala panja motsogozedwa ndi mnzawo. Kalasi yonse ikakhala pa mutu umodzi, ena pa tabuleti ena pa pepala, palibe amene amaona kuti watayidwa.

Maudindo osinthana. Pakhale wogawa matabuleti, wopukuta, wowerenga ngati onse abwerera, ndi wosunga nthawi. Maudindowa azisinthana sabata ndi sabata kufikira aliyense alaweko, kuphatikizapo ana amene kawirikawiri sasankhidwa pa chilichonse.

Mpikisano wa gulu. Kulemba pa bolodi dzina la woyamba ndi la wotsiriza kumakondweretsa ana awiri kapena atatu n'kugwetsa mphwayi ena onse. Chothandiza ndi cholinga cha kalasi yonse, mwachitsanzo chakuti pofika kumapeto kwa mwezi aliyense adziwe mavawelo asanu. Zikatero wochenjera amafunafuna yekha mnzake wotsalira kuti amuthandize, monga zimakhalira pa dima, pamene khasu la aliyense limawerengedwa mpaka munda utatha.

Ana ojomba ndi ana olumala

M'madera a ulimi ngati ano, ana ena amasowa kusukulu nyengo yokumba mbatatesi ndi yodula tirigu ku Tsangano, kapena yothyola ndi kusoka fodya ku Furancungo ndi Chidzolomondo. Ena amalephera kuwoloka mitsinje mvula ikachuluka. Ubwino wa masewerawa ndi woti mwana wobwerera amayambira pa mlingo wake, osachita manyazi pamaso pa anzake. Koma chimene chimamubweza kusukulu ndi kudziwa kuti gulu lake likumudikira. Nchifukwa chake gulu lililonse lizidziwitsa mphunzitsi mmodzi wawo akasowa masiku awiri, ndipo dzina lake lisafufutidwe pa mndandanda wa maulendo.

Mwana wosamva bwino akhale pafupi ndi mphunzitsi ndi mnzake womuzolowera. Wosaona bwino asakhale pamene dzuwa likuwalira pa galasi. Wovutika kugwira chinthu aikiridwe tabuleti pa tebulo kapena pa mpando. Ana otere asapatulidwe kukhala gulu lawolawo.

Nkhani ya chilankhulo

Chigawo cha Tete chili ndi mbiri yake pa maphunziro a m'chilankhulo cha makolo. Pulojekiti ya PEBIMO, imene inayesa kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri pakati pa 1993 ndi 1997, inachitika m'Chinyanja ndi Chipwitikizi kuno ku Tete, komanso m'Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu zina za boma m'dziko muno.

Masewera a m'Chichewa ochokera ku Malawi ana a Tsangano ndi Macanga akhoza kuwamva popanda womasulira, koma pali kusiyana kofunika kuti mphunzitsi akudziwe. Malembedwe a ku Malawi amalemba "chimanga", pamene mabuku a Chinyanja a ku Mozambique ndi ku Zambia amalemba "cimanga". Chilankhulo chachiwiri cha mwana wa ku Malawi ndi Chingerezi, pamene wa kuno ayenera kudziwa Chipwitikizi. Masewera opangidwira dziko lina akhozanso kutchula ndalama ndi mayina a malo osiyana ndi akuno. Kusiyana kotere ndi nkhani yabwino ya mphindi zokambirana: ana amene ali ndi abale mbali zonse za malire amatha kufotokozera anzawo. Ngati masewerawo ali m'Chipwitikizi chokha, ana aloledwe kufotokozerana m'Chinyanja, chifukwa kuwaletsa kumasiya odziwa Chipwitikizi okha akulankhula.

Gawo la makolo ndi khonsolo ya sukulu

Sukulu za boma m'dziko muno zili ndi Conselho de Escola, khonsolo yokhala ndi makolo, aphunzitsi, ophunzira ndi oimira anthu a m'dera. Ndiyo yoyenera kugwirizana za kumene matabuleti ndi mabatire azisungidwa, amene azisunga makiyi, ndi chochita chimodzi chikasweka. Kulipiritsa banja limodzi losauka mtengo wonse wa tabuleti kumachititsa makolo ena kuletsa ana awo kuzigwira, kotero nkhaniyi ikambidwe zisanachitike. Sola ya sukulu isasanduke malo otchajira mafoni a mudzi pamene matabuleti a ana ali opanda moto.

Makolo aitanidwe kudzaona phunziro limodzi, ndipo ana awaonetse okha mmene amasewerera. Kholo limene laona ndi maso silikhulupiriranso mphekesera zoti ana akungoonera mafilimu. Aphunzitsi nawo agwiritse ntchito misonkhano ya ZIP, imene imakumanitsa sukulu zoyandikana, kusewera limodzi ndi kuuzana njira zimene zayenda.

Mafunso ofunika kufunsa zipangizo zisanalandiridwe

Bungwe kapena munthu akabwera ndi matabuleti, khonsolo ya sukulu ifunse mafunso awa. Masewerawo ali m'chilankhulo chanji, ndipo akugwirizana ndi mabuku a kalasi imeneyo? Amagwira ntchito popanda intaneti? Mwana aliyense azisewera kangati pa sabata? Aphunzitsi aphunzitsidwa masiku angati, ndipo asewerako okha? Batire kapena galasi likawonongeka adzakonza ndani, ndi ndalama za yani? Pulojekiti ikadzatha, zipangizo zidzakhala m'manja mwa ndani? Mayankho ake alembedwe m'buku la khonsolo ndi kuwerengedwa pamsonkhano wa makolo, mafumu ali pomwepo, bokosi loyamba lisanatsegulidwe.